Kabuleta ya njinga yamoto isamatokosedwe ndi waya

Mkonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi eni njinga zamoto, anyamata a kabaza, komanso amakaniko anzathu amene amakonza njingazi m'misika ndi m'mphepete mwa misewu. Nkhani yathu ndi ya kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Palibe chitsulo china pa njinga yamoto chimene chimasenzetsedwa milandu yambiri ngati chimenechi. Njinga ikavuta kudzuka m'mawa, ikamatsamwa pokwera chitunda, kapena ikayamba kumwa mafuta mosadziwika bwino, wina amathamangira kupotokola masikuluu, wina amazula kawaya ka kebulo ya buleki n'kumatokosa majeti, ndipo pakatha sabata mwini njinga amauzidwa kuti kabuleta yatha, agule ina. Chonsecho makabuleta ambiri amene amatayidwa amakhala asanathe. Amakhala atangoda, ndipo chimene chinawadetsacho chimakhala chikadali m'thanki, kudikira kabuleta yatsopanoyo.

Njinga zambiri za 125 cc ndi 150 cc zochokera ku China zimene zili pa kabaza muno, injini zake zinatengera ya Honda CG125 imene inatuluka mu 1975, ndipo makabuleta ake anatengera a kampani ya ku Japan ya Keihin. Pathupi pake pamalembedwa PZ26, PZ27 kapena PZ30, ndipo nambalayo imanena kukula kwa khosi lodutsa mpweya m'mamilimita. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya, mpweyawo ukafika pakhosi popanikizika umathamanga, n'kuyamwa petulo kuchokera m'kapu ya pansi kudzera m'majeti, tizitsulo ta timabowo ting'onoting'ono todutsa mafuta. Injini imafuna magalamu pafupifupi 15 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. M'kapumo muli fuloti ndi kasingano kake, zimene zimagwira ntchito ngati chotsekera madzi cha m'thanki ya chimbudzi: mafuta akafika pamlingo wake fuloti imakwera n'kutseka, akatsika imatsegula.

Chofunika kudziwa musanagwire sipanala n'chakuti mafuta amadutsa njira zitatu, malinga ndi mmene mwakokera moto. Injini ikamalira yokha njinga itaima, mpaka moto utakokedwa kota, imadyera pa jeti yaing'ono, imene ena amati pilot jet, ena slow jet. Kuyambira pa kota mpaka makota atatu amalamulira ndi singano yaitali ya pa silaidi, chotsekera khosi chimene chimakwera mukakoka moto, pamodzi ndi kabowo kamene imalowamo. Kupyola pamenepo ntchito yatsala kwa jeti yaikulu, main jet. Choncho njinga imene imalira pokhapokha choki, yothandiza kudzutsa injini yozizira, itakokedwa, n'kuzima mukangoibweza, ikukuuzani kuti jeti yaing'ono yatseka kapena mpweya ukulowera pamalo olakwika. Imene imayenda bwino m'tauni koma n'kufooka mukaitsegulira pamsewu waukulu, kaoneni jeti yaikulu ndi mmene mafuta akutsikira kuchokera m'thanki. Imene ikudontha petulo pakapaipi ka pansi ili ndi vuto pa fuloti kapena kasingano kake. Utsi wakuda ndi pulagi ya mwaye wouma ndiye kuti mafuta achuluka. Injini yotentha kwambiri, yophulikaphulika ku ekizozi mukabweza moto, komanso yochedwa kutsika mukasiya moto, ndiye kuti mafuta achepa.

Koma musafulumire kumasula. Matenda ambiri amene amaoneka ngati a kabuleta si a kabuleta. Yambani mwaona pulagi ngati ikutulutsa moto wamphamvu. Pa injini za mtundu wa CG mpata wake uzikhala 0.6 mpaka 0.7 mm. Onani mavavu injini itazizira: pa CG125 mpata wake ndi 0.08 mm, ndipo mavavu akathina njinga imavuta kudzuka n'kumazimazima ndendende ngati ya jeti yotseka. Onaninso chivindikiro cha thanki. Chili ndi kabowo kolowetsa mpweya, ndipo kakatseka njinga imayenda makilomita ochepa n'kuzima, mukatsegula chivindikirocho mumamva mpweya ukulowa, kenako njinga imaliranso. Munthu akhoza kutsuka kabuleta katatu pa vuto la kabowo kameneko. Njinga zina zatsopano zilibe n'komwe kabuleta, mafuta amapopedwa ndi pampu ya magetsi, ndiye zimene tikunenazi sizikuzikhudza.

Mukatsimikiza kuti vuto lili pa kabuleta, dikirani injini izizire, ndipo ntchitoyo igwiridwe panja kapena pamalo popita mphepo. M'misika yathu makaniko amagundana khoma ndi wowotcherera zitsulo, kutsogolo kuli mbaula ya wokazinga tchipisi. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda pansipansi, ndipo imatha kukakumana ndi moto uli pataliko. Fodya asasutidwe pafupi.

Yambani ndi kutsuka kunja. Matope amene amatirira pa kabuleta ndi pa manifodi, paipi yolumikiza kabuleta ndi injini, achotsedwe ndi mswachi wakale ndi palafini pang'ono musanatsegule chilichonse, apo ayi agwera mkati. Tsekani tapu ya mafuta pa OFF. Kenako tengani botolo loonekera mkati, louma bwino, muike kumapeto kwa kapaipi ka pansi, mumasule sikuluu yokhuthulira mafuta imene ili pansi pa kapu. Mafuta amenewo musawataye msanga. Aikeni pansi mphindi zingapo muwayang'ane. Madzi amakhazikika pansi, dzimbiri limaoneka ngati fumbi lofiirira, mchenga umanyezimira. Botolo limenelo lakuuzani kale theka la matenda.

Zulani paipi ya mafuta moipotoza pang'ono, osaikoka mwamphamvu. Masulani chivindikiro cha pamwamba ndi dzanja, mukoke silaidi ituluke pamodzi ndi kebulo, sipuling'i ndi singano yake. Isalendewere n'kumakhula pa injini, chifukwa singano ikapindika pang'ono pokha siwongokanso bwino. Ikulungeni m'kansalu koyera. Ngati choki ndi ya kebulo, ichotseni. Masulani chomangira cha paipi ya labala yochokera ku bokosi la fyuluta ya mpweya, kenako manati awiri a sipanala 10 amene agwira kabuleta ku manifodi. Ikatuluka, tsekani pakamwa pa manifodi ndi nsalu yoyera. Kawasha kamodzi kokha kakagwera mmenemo, ntchito ya ola limodzi yasanduka yotsegula injini.

Pomasula mkati muyale nsalu yoyera m'beseni kapena m'thireyi, osati pansi pa dothi, ndipo chilichonse chotuluka chiziikidwa mwa ndondomeko imene chatulukira. Amene ali ndi foni yojambula ajambule sitepe iliyonse. Masikuluu a kapu ndi ofewa mitu. Sankhani sikuludiraiva ya sitala yokhala bwino m'mutumo, mutsindike mwamphamvu musanapotoze, ndipo ikakana menyani chigwiriro chake pang'ono ndi kahamala. Kapu ikachoka, kankhani kachitsulo kamene fuloti imazungulirapo. Pamenepa m'pofunika kuleza mtima, chifukwa timizati tiwiri timene timagwira kachitsuloko tikathyoka, kabuleta yatheradi. Fuloti imatuluka ndi kasingano kake.

Majeti ndi a mkuwa, chitsulo chofewa. Sikuludiraiva ya fulati idzaze mpata wonse wa pamutu pa jeti. Yaing'ono imanyema m'mphepete, ndipo tizidutswa take timakatseka bowo lomwelo. Jeti yaikulu imakhala pa kachubu kokhala ndi timabowo tambiri m'mbali, kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Kachubuko kamasulidwenso, ndipo pamwamba pake pamatuluka kamkombero kamene singano yaitali imalowamo. Onetsetsani mbali imene kanayang'ana, pakuti kakabwerera mozondoka njinga siyendanso bwino. Jeti yaing'ono ili pambali, yaitali koma yowonda.

Tsopano sikuluu yosakaniza mafuta ndi mpweya, imene ambiri amailakwitsa. Musanaitulutse, imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka itangogunda, mulembe penapake. Kungogunda, osati kukhwimitsa: nsonga yake ndi yosongoka, ndipo mukaikakamiza imathyokera m'bowo kapena kukulitsa bowolo. Kawirikawiri imapezeka itamasulidwa kamodzi ndi theka mpaka kawiri ndi theka. Ikatuluka pamakhala kasipuling'i, kawasha ndi kamphete ka labala, ndipo tiwiri tomalizati timakonda kutsalira m'bowo. Titulutseni ndi kamtengo kosongola. Dziwaninso mtundu wa sikuluu yanu. Ikakhala kumbali ya injini, monga zilili pa makabuleta ambiri a PZ26 ndi PZ27, imalamulira mafuta, ndiye kuimasula n'kuonjezera mafuta. Ikakhala kumbali ya fyuluta imalamulira mpweya, ndiye kuimasula n'kuchepetsa mafuta. Wosadziwa zimenezi amapotokolera kolakwika n'kumadabwa kuti njinga ikuipiraipira.

Musanatsuke, yang'anani chilichonse pa kuwala. Fuloti igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva mafuta mkati ndiye kuti yabooka, yalemera, ndipo singatseke. Ya mkuwa mukaimiza m'madzi ofunda imatulutsa timathovu pamene pabooka. Kasingano ka fuloti kali ndi nsonga ya labala: ikakhala ndi mzere wozungulira umene chikhadabo chikuumva, kasinthidwe. Kumbuyo kwake kuli kachitsulo ka sipuling'i kamene kayenera kulowa ndi kutuluka mosakakamira. Silaidi ilowetseni m'malo mwake muigwedeze. Ikamagwedera kwambiri, kapena ikakhala ndi mikwingwirima yakuya, mpweya umadutsa m'mbali ndipo injini singalire mokhazikika. Singano yaitali igubuduzeni pagalasi muone ngati yapindika.

Pali vuto lina limene limagwira kwambiri njinga za kabaza chifukwa zimayenda tsiku lonse. Injini ikamanjenjemera singano imakhula kamkombero kaja mpaka kabowo kake kamasiya kukhala kozungulira, kamatalika mbali imodzi. Njinga yotero imamwa mafuta pa liwiro lapakati, pulagi imada, koma mukatsegula mumapeza zonse zili zoyera. Kutsuka sikungathandize, singano ndi kamkombero zisinthidwe limodzi. Onaninso kapaipi ka mkuwa koima m'kapu kotayira mafuta akasefukira. Kakang'aluka kapu imadontha ngakhale fuloti ili bwinobwino. Manifodi ipindeni pang'ono ndi zala muone ngati labala wake wachita ming'alu, ndipo kamphete ka labala ka pamene kabuleta imakumana ndi manifodi kakhale kofewa, osati kophwatalala.

Tifike pa waya, chimene chatilembetsa kalatayi. Pa majeti a mtundu wa Keihin nambala yolembedwa pajeti imayandikana ndi kukula kwa bowo lake: jeti ya 100 bowo lake ndi pafupifupi milimita imodzi, ya 38 ndi pafupifupi 0.38 mm. Pa njinga za 125 cc ndi 150 cc jeti yaing'ono imakhala ya m'ma 35 mpaka 40. Waya wa chitsulo, singano yosokera kapena pini ndi zolimba kuposa mkuwa, ndiye zikalowamo zimapala khoma la bowolo. Bowo la 0.38 likangokula kufika pa 0.42, diso silingaone kusiyana, koma malo odutsa mafuta akula ndi 22 peresenti. Jeti imeneyo ndi imene njinga imadyerapo pa siteji podikira makasitomala, pamzere wa magalimoto ndi potsetsereka. Mwini wake azilipira mafuta amenewo tsiku lililonse osadziwa kumene akupita, ndipo palibe sikuluu imene ingabweze mkuwa umene wapalidwa.

Chotsukira choyenera ndi mankhwala opopera a m'chitini otchedwa carburettor cleaner. Chotsani kaye zonse za labala ndi pulasitiki, pakuti mankhwalawa amazitupitsa. Makabuleta ena ali ndi labala wopyapyala pamwamba pa silaidi. Ameneyo asakhudzidwe n'komwe ndi mankhwala, angounikidwa pa dzuwa kuona ngati sanabooke. Majeti ndi kachubu kaja aviikeni m'mankhwalawo mphindi 15 kapena 20, kenako muwapemerere ndi mpweya wa kompuresa, kapena wa pampu ya njinga yakapalasa ngati kompuresa palibe. Unikani jeti iliyonse pa kuwala. Bowo lizioneka lozungulira komanso loyera. Likaoneka ngati mwezi wongokhala kumene, mukadali utomoni. Ngati lakanirira, lowetsanimo kaulusi kamodzi ka mswachi kapena nayiloni wowonda wa mbedza, zinthu zofewa kuposa mkuwa. Timabowo ta m'mbali mwa jeti yaing'ono ndi mwa kachubu tionedwe kamodzikamodzi. Timeneti tikatseka petulo amatuluka wosaphwanyika bwino, njinga n'kumatsamwa mukakoka moto.

Ambiri amalekera pa majeti, pamene dothi lenileni limabisala m'tinjira ta m'thupi la kabuleta. Ikani kapaipi ka chitini m'bowo la jeti yaing'ono mupope. Mankhwala azitulukira pa kabowo kamodzi kapena tiwiri ta pansi pa khosi, kumbali ya injini, komanso pa bowo la sikuluu yosakaniza. Popaninso pa timabowo ta kukamwa kwa kabuleta, kumbali ya fyuluta, muone ngati akutulukira ku majeti. Pamene sakutuluka ndi pamene pali matenda. Tsekani mabowo ena ndi zala kuti mphamvu yonse ipite pamenepo. Maso atetezedwe ndi magalasi, chifukwa mankhwalawa amabwerera kunkhope ndipo amawotcha. Pokhala kasingano ka fuloti papukutidwe ndi thonje lokulunga pa kamtengo, osati sandipepa. Musapemerere mpweya wa kompuresa kabuleta ili yotseka, fuloti ili mkati, imaphwanyika. Ndipo soda wa kositiki ndi asidi wa batire asayandikire. Zimadya chitsulo cha kabuleta mpaka tinjira timakula.

Chizolowezi choyamwa petulo ndi pakamwa, kapena kuuzira majeti onyowa ali pamilomo, chitheretu. Petulo akalowa m'mapapo, ngakhale pang'ono, amayambitsa chibayo choopsa.

Pobwezeretsa, majeti angomangidwa mokwanira, osawakakamiza. Sikuluu yosakaniza ilowe ndi kasipuling'i, kawasha, kenako kamphete ka labala kunsonga, igunde pang'ono, muimasule monga munalembera paja. Mlingo wa fuloti uyesedwe. Pendeketsani kabuleta kuti fuloti ingokhudza kachitsulo ka kumbuyo kwa kasingano popanda kukakankha, muyese kuchokera pamene pamakhala gasiketi mpaka pamwamba pa fuloti, mufananize ndi zimene buku la njingayo likunena. Pamene buku palibe, njira ina ndi iyi: kabuleta itabwerera pa njinga, njinga itaima chilili, lumikizani kapaipi koonekera mkati pa potulukira mafuta, mukakhotetsere mmwamba m'mbali mwa kapu, mumasule sikuluu yokhuthulira ndi kutsegula tapu. Mafuta akwere n'kuima pang'ono pansi pa mzere umene kapu imakumana ndi thupi. Akapitirira mzerewo njinga izimwa mafuta ndi kudontha; akatsika kwambiri izifooka pachitunda. Pa fuloti yokhala ndi kalilime ka chitsulo mumapinda kalilimeko pang'ono zedi. Ya pulasitiki yokhayokha sipindidwa, imasinthidwa.

Gasiketi ya kapu ikauma kapena kuduka igulidwe ina. Silikoni asapakidwe. Petulo amamufewetsa, tizidutswa take n'kukatseka jeti imene mwangoitsuka kumene.

Singano yaitali ili ndi timizere, kawirikawiri tisanu, pomwe pamakhala kilipi. Pofika kuchokera ku fakitale kilipi imakonda kukhala pa mzere wapakati. Kuitsitsa kumakweza singano, mafuta n'kuchuluka; kuikweza kumatsitsa singano, mafuta n'kuchepa. Polowetsa silaidi, mbali yodulidwa mopendekera iyang'ane ku fyuluta ya mpweya, mzere wake wautali ulunjike pa kachitsulo ka m'khoma, ndipo itsike yokha mpaka pansi imveke kugunda. Ikalowa mozondoka imakakamira pamwamba, ndipo mukangoliza injini imakuwa ndi moto wonse. Musanalize, kokani moto musiye kangapo, muone ngati ukubwerera wokha. Chigwiriro chizisewera 2 mpaka 6 mm chisanayambe kukoka kebulo. Manati awiri a ku manifodi amangidwe mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Kukhwimitsa mbali imodzi kumapinda chitsulo, mpweya n'kupeza polowera. Musaiwale nsalu ija munatsekera manifodi.

Kutchuna kumachitika injini itatentha, mutaiyendetsa mphindi 10 kapena kuposerapo, choki itabwezedwa. Kwezani kulira kwa injini pang'ono ndi sikuluu yokankha silaidi. Kenako zunguzani sikuluu yosakaniza kotakota, mukudikira masekondi angapo nthawi iliyonse, mpaka mutapeza pamene injini ikulira mokweza komanso mosadukiza. Mukapapeza, tsitsani ndi sikuluu ya silaidi ija mpaka injini izizungulira maulendo cha m'ma 1,400 kapena 1,500 pa mphindi. Ngati injini ikukoma sikuluu yosakaniza itamasulidwa kupyola katatu, kapena ili pafupi kutsekeratu, musakakamire: njira ya jeti yaing'ono ikadali yotseka, kapena jetiyo si ya saizi yake, kapena mpweya ukuba polowera. Khotetsani chiwongolero uku ndi uku injini ikulira. Kulira kukasintha ndiye kuti kebulo yadutsa molakwika, ndipo tsiku lina idzakoka moto yokha pakona. Mukayenda mtunda ndithu tulutsani pulagi. Yofiirira mopepuka ndiye zili bwino, ya mwaye mafuta achuluka, yoyera mbee mafuta achepa.

Kuyera kumeneko tikufuna anyamata a kabaza akuope. Mafuta akwera mtengo, ndipo tikumvetsa chifukwa chimene munthu amapempha makaniko kuti amufinyire kabuleta. Makaniko amatsitsa singano mpaka mzere womaliza, kapena kuika jeti ya bowo lochepa kuposa yake, njinga n'kuoneka ngati yayamba kusunga mafuta. Koma injini zimenezi zimaziziritsidwa ndi mphepo yokha, ndipo petulo amene akulowa amathandizanso kuziziritsa mkati. Mukamuchepetsa, kenako n'kukweza anthu awiri ndi thumba la chimanga pachitunda mwezi wa October, kutentha kumakwera, paipi ya ekizozi imasanduka yabuluu pafupi ndi injini, vavu ya ekizozi imapsa, nthawi zina pisitoni imagwira kapena kubooka. Zimene munasunga pa mafuta sizikwana kugula pisitoni, maring'i ndi mavavu, osanenapo za masiku amene njinga yakhala osagwira ntchito. Njinga imasunga mafuta ndi fyuluta yoyera, matayala opopa bwino, tcheni chosathina, mabuleki osagwira, ndi majeti a saizi yake.

Malonso ali ndi mbali yake. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene Nsanje ili pansi pa mamita 100. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, ndiye njinga yotchunidwa kuchigwa ikakwera imakhala ngati mafuta achulukirapo. Choopsa ndi yotchunidwa mofinya ku Dedza kapena ku Mzuzu n'kukagulitsidwa ku Chikwawa: kumeneko mpweya ndi wochuluka, kunja kukutentha, mafuta amachepa kwambiri. Wogula njinga kuchokera dera lina aonetse pulagi ndi sikuluu yosakaniza.

Tsopano kumene dothi limachokera. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo pambuyo pake kunabweranso ya PressCane ku Chikwawa. Mafuta amenewa injini imayenda nawo bwino, koma ethanol amakoka chinyezi. Madzi akachuluka amagwirana ndi ethanol n'kukhazikika pansi pa thanki ndi pansi pa kapu, pamene jeti yaikulu imayamwira. N'chifukwa chake m'makapu ambiri timapeza ufa woyera ndi majeti obiriwira. Njinga yogona panja nyengo ya dzinja, yokhala ndi chivindikiro cha thanki chotha labala, kapena yotsukidwa ndi madzi a mphamvu molunjika pa thanki ndi pa bokosi la fyuluta, imamwa madzi mwini wake osadziwa. Mafuta akasowa, ambiri amagula a m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Zigubu zina zinasungapo madzi kapena mafuta ophikira, ndipo pena petuloyo amakhala atathiridwa palafini, zimene zimavutitsa njinga kudzuka, kuitulutsitsa utsi ndi kuigogodetsa. Amene wakakamizika kugula oterowo awasefe pa nsalu yoyera yothinana, ndipo otsalira pansi pa botolo asathire m'thanki.

Choncho kutsuka kabuleta osatsuka thanki n'kutaya nthawi. Khuthulani thanki, muitsukuluze ndi petulo woyera pang'ono mpaka dzimbiri litasiya kutuluka. Masulani tapu: ili ndi sefa yolowa m'thanki, ndipo matapu ambiri ali ndi kakapu pansi kosungira zinyalala. Kuyenda tapu ili pa RES, pa mafuta otsalira, masiku onse, monga amachitira ambiri amene amathira lita imodzi imodzi, kumatanthauza kuti njinga ikumwa za pansi penipeni, komanso thanki yosadzaza imachita thukuta mkati n'kugwira dzimbiri. Ikani kafyuluta koonekera mkati pa paipi ya pakati pa tapu ndi kabuleta, muvi wake uloze ku kabuleta. Paipi imene yauma n'kuyamba kunyenyeka mkati isinthidwe. Kamodzi pa sabata nyengo ya mvula, masulani sikuluu yokhuthulira mutaye mafuta pang'ono m'botolo. Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Njinga ikamaima mwezi kapena kuposerapo, tsekani tapu mukhuthule kapu, chifukwa petulo akauma amasiya utomoni umene umayamba kutseka jeti yaing'ono.

Fyuluta ya mpweya ndiyo imanyozedwa koposa. Ya siponji ichapidwe m'palafini kapena m'madzi a sopo, ifinyidwe osaipotokola, iume bwino, kenako ipakidwe oyilo wa injini pang'ono n'kufinyidwanso kuti ingokhala yonona. Siponji youma sigwira fumbi. Ya pepala sichapidwa ndiponso sipakidwa oyilo. Igogodeni pang'ono, ikada kwambiri isinthidwe. M'misewu yafumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, ionedwe sabata iliyonse. Ena amaichotseratu kuti njinga izipuma bwino. Pamenepo mafuta amachepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo fumbi limapala silaidi, singano, maring'i ndi silinda nthawi imodzi.

Tili ndi pempho kwa ogulitsa zipangizo. M'mashopu ambiri kabuleta yathunthu imapezeka mosavuta, koma jeti yokha, kasingano ka fuloti, gasiketi kapena timphete ta labala n'zosowa, ndiye munthu amagula chinthu chonse chifukwa cha kasingano kamodzi. Makabuleta ena otchipa amabwera ndi majeti osalembedwa nambala, ndipo wogula amayamba nawo vuto limene analibe. Tibweretsereni timapaketi ta zokonzera ndi majeti a manambala. Oitanitsa njinga azipereka buku lokhala ndi saizi ya majeti, mlingo wa fuloti ndi mpata wa mavavu. A TEVETA ndi mabungwe a akabaza aganizire maphunziro aafupi a m'Chichewa kwa amakaniko a m'misika, ambiri mwa iwo anaphunzira ntchitoyi pongoonerera, ndipo ali ndi manja abwino, chimene akusowa ndi miyeso. Nanunso eni njinga, mukapita kokonzetsa khalani pomwepo, muone mafuta otuluka m'kapu, mufunse nambala ya majeti anu muilembe, ndipo ngati mwasintha kabuleta, yakaleyo mupite nayo kunyumba, pakuti majeti ndi singano zake ndi zimene zinayesedwera injini yanuyo.

Ndife,
Amakaniko a njinga zamoto,
Lilongwe